Jamila Ankati Akupezako Bwino

Lamulungu, 3 Novembala 2024

Jamila wagonanso tsiku lonse. Chidwalireni chimfine chija sanabwererenso mwakale, koma magazi akuti alibe vuto. Adokotala akuti ndi matenda a kutopa kosatha. Ine ndinaseka chamumtima. Ku Doha kuno amene sakutopa ndani?

Koma mwanayu ndinamuitanitsa ndine, ndipo mayi ake ku Balaka ndinawalonjeza kuti ndimuyang'anira. Kuhotelo kumene timagwira ntchito akumulola kugwira theka la shifiti. Mwezi uno ukatha asanabwerere pa shifiti yonse, kontrakiti yathera pomwepo.

Pafoni ndapeza kafukufuku wa madokotala a ku Ulaya. Odwala oterewa ankawayendetsa, n'kumawonjezera mtunda pang'onopang'ono, ndipo akuti ambiri anapeza bwino. Mawa tiyamba.

Lachiwiri, 5 Novembala

Dzulo tinalekezera pagolosale. Lero tazungulira mzikiti wa kuseri kwathu kuno ku Al Muntazah. Pobwerera ndamufunsa kuti akumva bwanji. "Ndikupezako bwino, achemwali." Si izi nanga!

Lachisanu, 8 Novembala

Tsiku lopuma, koma tayambana.

Jamila ali m'gulu la pafoni la anthu odwala matenda omwewa. Wandiitana ali chigonere. "Achemwali, research yanu ija anthu a mu group anaiwerenga yonse. Akuti ma-doctor anasintha muyezo wa kuchira kafukufuku ali mkati, moti munthu akanatha kufookerafookera n'kumuwerengabe kuti wachira. Ndiponso kwambiri ankangowafunsa mmene akumvera, atawauza kale kuti treatment ndi yothandiza."

Zandikwana. Ndamuuza kuti anthu ongokhalira kugona sangapose madokotala, ndiponso kuti gulu lakelo likumuphunzitsa ulesi. "Yalla, tiye, vala nsapato." Wavala.

Lolemba, 11 Novembala

Asupavaiza andifunsa za Jamila. Ndati ali bwino tsopano, wanena yekha. Amulemba shifiti yonse kuyambira Lachitatu. Ndabwera kunyumba ndikuyenda monyada ngati ndine dokotala.

Lachitatu, 13 Novembala

Wagwa kuntchito.

Lweendo, mnzathu wa ku Zambia amene timagona naye chipinda chimodzi, ndiye anamupeza atakhala pansi m'chipinda cha alendo, bedi atayala theka. Pilo weniweniyu amalephera kumunyamula. Asupavaiza sanakalipe. Anangondiyang'ana n'kuti, "Si iwe unati ali bwino?"

Lachinayi, 14 Novembala

Lweendo wandiuza zimene sindinkaziona. Akuti tikayenda madzulo, m'mawa mwake ine ndikangotuluka, Jamila ankapita kuchimbudzi chokwawa. Jamila anamupempha kuti asandiuze.

Ndamufunsa Jamila chifukwa chake ankandinamiza. Wayankha maso ali chitsinzinire. "Sindinkanama dala. Inu mumafunsa mukumwetulira kale. Ndinu akulu, job munandipezera ndinu. Ndikanati chiyani?"

Ndipo ndikuzidziwa, Mulungu wanga. Kwathu munthu angadwale chotani, wamkulu akabwera kudzamuzonda amayankha kuti ndikupezako, kuopa kumubweza wokhumudwa. Inenso mayi akaimba ndimatero. Ndiye ndinatenga ulemu wa mwana n'kukaupereka kwa abwana ngati umboni.

Masana ndabwereka foni yake n'kuwerenga za m'gulu lija. Anthu amene ndinawatcha aulesi. Wina amalemba mizere iwiri, n'kudzapitiriza mawa lake mphamvu zikabwerako. Mafunso awo ndi osavuta. Odwala a m'kafukufuku uja anayamba kuyenda mtunda wautali zenizeni? Anabwerera kuntchito? Amene anadwalika atayenda anawawerenga? A m'gululi akhala zaka akupempha kuti aone okha manambala a kafukufukuyo. Ine ndinawerenga kandime kamodzi ndili m'basi, basi n'kuyamba kuchiza munthu.

Manyazi andigwira moti chakudya sichinalowe.

Loweruka, 16 Novembala

Ndinapita ku ofesi ku Al Mirqab kukapepesa, kuti wolakwa ndine, amubwezere pa theka la shifiti. Akuti khalas, zatha, ayesa ndipo walephera. Ndege yobwerera kumudzi ndi Lachiwiri. Ndapempha kuti kubwalo la ndege akamupatse njinga ya odwala.

Madzulo ano wandipempha kuti ndimutsuke tsitsi, manja sakufika kumutu. Ndamukhazika pachidebe m'bafa, mutu atatsamira pa bondo langa. Ndimati ndipepese. Koma wayamba kulankhula ndi iye.

"Achemwali, muwaimbire mayi. Ine sangandimvere, koma inu akumverani."

Ndafunsa kuti ndiwauze chiyani.

"Muwauze kuti ndikafika asakandilimbikitse, akangondisiya ndipume."

Ndamupukuta, ndamugoneka, ndatseka katani. Foni ya mayi ake ikuitana.