Kasikuluwu ka Esinati Kazuka

Lachitatu. Lero mtima wandilemera.

Kasikuluwu kamene adokotala a ku Blantyre anaika m'nsagwada mwa mwana wanga Esinati, kogwirizira waya wowongola mano, kazuka akudya chinangwa. Tinapitako maulendo anayi kukaunikidwa ndi kuwala kofiira kwa makina otchedwa leza, akuti fupa ligwire msanga. Fupalo silinagwire.

Wabwera nako m'manja. "Amayi, basi tisiye. Anzanga kusukulu ku Malindi azingonditchula Njiri, ndinazolowera."

Mwana wa zaka khumi ndi zinayi, akuti anazolowera! Ndamuuza kuti tipitanso Lolemba, koma wangopukusa mutu n'kutuluka, dzanja lili pakamwa.

Mano amenewa anatengera ine. Inenso pa chithunzi cha ukwati wanga sindinaseke, ndipo chifukwa chake sindinamuuzepo...