Ofesi Yafika, Koma Aiika Pamwamba

Aphungu,

Ndine mnyamata wa Folomu 3 ndipo anzanga ndilibe ambiri. Ndikaweruka ndimangokhala pawindo n'kumaona za mumsewu. Koma sabata ino mtima wanga uli m'mwamba!

Boma lachotsa ku likulu ntchito zothandiza olumala ndi okalamba, lazipereka ku khonsolo yathu. Achemwali anga amayendera njinga ya olumala, ndipo kale amayi ankayenda nawo pa basi tsiku lathunthu kukangopempha tayala. Lero ofesi ili tsidya lina la msewu wathu, ndikuiona pawindo pomwe pano!

Vuto ndi lakuti aiika m'chipinda chapamwamba. Dzulo ndinaona alonda atabereka agogo ena pa masitepe, agogowo akukuwa kuti, "Pang'onopang'ono bambo, si thumba la simenti ili!" Achemwali anakana kuberekedwa, anangobwerera. Chonsecho m'chipinda chapansi angounjikamo mipando yothyoka. Ndinasuzumiramo.

Khonsolo yaitana aliyense ku msonkhano Loweruka, ati eni ake ndife tsopano. Ndikufuna ndikalankhule! Koma amayi akuti, "Utiputira mavu iwe. Mkulu wa ofesiyo ndi amene amavomereza za njinga ya mlongo wako." Komanso ine m'kalasi ndi mkono womwe sindikweza. Ndipite?

T.K.

Mwanangu T.K.,

Pita! Ntchito ikabwera pafupi imafuna maso apafupi, ndipo ako ndi akuthwa. Kale ukanadandaulira ndani? A ku likulu masitepe amenewo sanawakwerepo. Lero amene angasinthe zinthu mumapezana naye pa golosale.

Amayi ako sakulakwa kuopa, ndiye yamba ndi mkulu wa ofesiyo. Kamuone Loweruka lisanafike, umuuze mwaulemu za chipinda chapansicho, asakazimvere pagulu. Mwina nayenso masitepewo anamukwana, akungosowa womuyambira nkhani. Ku msonkhanoko usakaloze munthu chala. Ukanene zomwe waona, ukapemphe chinthu chimodzi basi: mipando ikwere, ofesi itsike. Mawu akakanjenjemera, asiye anjenjemere, akamvekabe.

Koma chenjera apa. M'kalata yonseyi sunandiuze zomwe achemwali ako akufuna. Anakana kuberekedwa ndi alonda, ndiye iwe usakawabereke ndi pakamwa. Choka pawindopo ukawafunse. Akati akalankhula okha, yako ntchito ndi kukankha njinga, n'kuwatsegulira chitseko.

Aphungu