Mankhwala a Kate ndi Malaya Anu Oyera

Bambo a Kate,

Zovala ndachapa zili pachingwe, nyemba ndaphula. Ndathamangira kuchipatala ku Ginnery Corner ndi Kate, koma mtima m'malo, akuyimba ndipo akundivutitsa kuti ndimugulire Fanta.

Atamwa mankhwala atsopano aja a BP ya m'mapapo, watuluka kamfuno kawiri, kenako wasanza. Amayi anu akuti, "Matenda ndi amodzi, mankhwala ndi omwewo ndimamwa ine. Amangondiwawitsa mutu basi. Mpatseni Panado agone." Ndawakumbutsa mwaulemu kuti iwo ali ndi zaka sikisite, Kate ali ndi zinayi. Adokotala anati thupi la mwana sililandira mankhwala ngati la wamkulu, ndiye ndikaona zachilendo ndisamusiyitse ndekha, ndipite naye akaonenso mlingo.

Pano amayi ataona magaziwo achita mantha, akuti mankhwala awo asiya kumwa. Chonde mukafika muwapatse, muime pomwepo mpaka ameze. Inu amakumverani.

Zawonongeka ndi izi: nyemba zapserera pansi, komanso malaya anu oyera akutchalitchi. Ndiwo anali pafupi magazi atayamba. Pepani, Lamulungu muvale abuluu aja. Ndi amene munandifunsira nawo, ndipo ndinalola.

Ndine,
Ursula