Pijo ya Ababa Isanadulidwe

Randburg, Joni
9 Julayi

Okondedwa achimwene a Mervin,

Ndayamba ndi kukulonjerani inu ndi onse pakhomopo. Kodi muli bwanji? Nanga miyendo ya ababa, kutupa kuja kwachepako chibwerereni ku chipatala cha pa Boma? Mundiuze zoona, osati zija mumandiuza pa foni zoti ali bwinobwino, ine ndikuwamva akupumira m'mwamba kumbuyo kwanu. Ine kuno ndili moyo, Mulungu akusunga.

Musadabwe kuti ndalemba kalata ngati kuti mafoni anatha. Pa foni mumandidula mawu, ndipo nkhani ikangofika pokuwawani, netiweki ya ku esiteti ya tiyiko imathawa nthawi yomweyo. Pepala silithawa. Ndapatsira a Crispin, oyendetsa basi aja a kwa Nchilamwela, pamodzi ndi kachikwama. Muli jekete ndi masokosi a ababa, ndi nsapato za mwana wanu Precious. Jeketeyo ndati ndi ya ababa. Ndisadzaione pa chithunzi mutaivala inu ku tchalitchi.

Kuno kukuzizira koopsa, kuzizira kouma kong'amba milomo, kosiyana ndi chiperoni chathu chonyowa chija. Ndikadali pa ntchito ya m'nyumba yomwe ija. Satifiketi yanga ya Fomu 4 ikundithandiza kwambiri, ndimawerenga bwino malangizo a pa botolo la sopo. Chipinda tikukhalabe awiri ndi Teleza, koma chifuwa chamugwira milungu itatu tsopano ndipo akukana kupita ku chipatala poopa kufunsidwa mapepala. Anganso sanatulukebe, choncho ndimayenda mocheuka ngati nkhuku yachilendo.

Bwana wanga wamwamuna ali ndi galimoto yakalekale m'galaja, yofundika nsalu ngati wodwala malungo. Lamlungu lililonse amaivundukula, kuipukuta, kuiliza mphindi zisanu, n'kuifundikanso. Siipita kulikonse. Nsanza zake ndimachapa ndine. Tsiku lina ndinamuuza kuti kwathu tili ndi Pijo 404 ya bokosi kumbuyo, ndipo maso anamutuluka, n'kufunsa ngati ikuyenda. Ndinayankha kuti inaima zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Atafunsa chimene chinawonongeka, ndinati palibe. Anaseka, poganiza kuti Chingerezi chandivuta.

Tsopano ku uthenga wanu wa mawu uja munandisiyira pa foni. Mwati ababa aitana anyamata ogula zitsulo a ku Limbe kuti adzaidule Pijo kumapeto kwa mwezi uno, ndipo akufunsa ngati pali kanthu kamene ndingafune kusungako. Mwatinso anena kuti ichoke iwo asanafe, chifukwa galimoto imeneyo ndi manja awo ndizo zinapha amayi. Mawu amenewo munawanena mothamanga, n'kudumphira ku nkhani ya feteleza. Ine ndawabwereza kumvetsera kakhumi, ndipo ndi chifukwa chake ndatenga cholembera.

Mukukumbukira m'mene inabwerera? Ine ndinali Sitandade 1. Inakhala zaka m'tchire kuseri kwa galaja ya esiteti, nkhuku zikuikiramo mazira, mpaka mzungu wa ku fakitale anawauza ababa kuti aichotsepo ngati akuifuna. Anaikoka ndi thirakitala, anthu othyola tiyi ataima m'mizere ndi madengu kumsana, akuwaseka ababawo kuti a Malizani apeza khola. Zaka ziwiri zathunthu ababa ankati akaweruka ku galaja n'kulowa pansi pake, amayi akudandaula za oilo wa pa malaya. Palibe chitsulo chimene sichinadutse m'manja mwawo. Tsiku limene inalira koyamba, amayi anathamangira panja manja ali ufa wokhawokha, akuimba nthungululu, ndipo ababa ananamizira kuti utsi wawalowa m'maso.

Chitseko cha kumbali ya amayi sichinkatsekeka bwino, ndiye ankachigwira ndi dzanja ulendo wonse, chigongono chili pawindo ngati mkazi wa nduna. Ine malo anga anali kumbuyo, pakati pa mikoko ya nthochi popita ku msika wa pa Bvumbwe, ndikuwabayibitsa anzanga oyenda pansi mopanda chisoni. Anthu anaitcha Kankhani pofuna kutinyoza, koma ndani m'makomboni onse aja amene sanakwerepo? Amayi apakati, maliro, kwaya yonse popita ku msonkhano wa misasa. Osekawo ndi omwe ankagogoda pakhomo.

Sitata yokha ndiyo sinapezeke. N'chifukwa chake inkagona pamwamba pa chitunda, pafupi ndi shedi yoyezera tiyi, mphuno italoza kumunsi, mwala uli pa tayala. Kuchotsa mwala, giya yachiwiri, kusiya kilatchi pofika pa bulugamu wachitatu, basi yalira. Sinakanepo ngakhale tsiku limodzi. Ababa ankaiyankhula m'Chilomwe ikamatsika, ngati akunyengerera mwana kuti adye. Lamulo linali limodzi lokha: ukatsikira nayo ku mlatho, usazimitse injini, chifukwa kumeneko msewu umakwera mbali zonse ziwiri, ndipo pamafunika amuna angapo kuti aitulutseko. Lamulo limeneli mumalidziwa kuposa ine, pakuti anakuphunzitsani kuyendetsa ndi iwo omwe.

Ndilemba zimene zinachitika ngakhale mukuzidziwa, chifukwa zaka zonsezi sitinazitchulepo, ndipo ndikuopa kuti mwayamba kukhulupirira zanu zija. Linali Lachisanu, mwezi wa Juni. Ababa anali ku maliro a amalume awo ku Mulanje. Anapita pa minibasi n'kukusiyirani kiyi, kuti mwina amayi n'kudwala, poti mphumu yawo inkavuta nyengo yozizira. Inu munafuna kuitsuka kuti a Olivia, amene lero ndi alamu anga, akaione ikuwala. Munatsikira nayo ku mlatho. Munazimitsa injini kuti musunge mafuta. Pomaliza kutsuka, othyola tiyi anali ataweruka kale, dzuwa likulowa, Sabata likuyamba. Panadutsa amuna anayi ochokera ku fakitale, ndipo mukanatha kuwapempha. Koma inu munali mtsogoleri wa achinyamata ku tchalitchi, ndiye munati simungaoneke mukukankha galimoto Sabata litalowa, mudzaikweza Lamlungu m'mawa ababa asanafike. Amayi atamva anangoseka, n'kunena kuti sakuululani, bola ikwere.

M'mawa mwake chiperoni chinatsika, nkhungu yoti sungaone mzere wachiwiri wa tiyi. Amayi anayamba kubanika anthu onse atapita kale ku tchalitchi. Kamankhwala kawo kopopera kanali katatha. Tinathamangira ku mlatho awiriwiri, inu ndi ine, n'kumakankha m'matope ofiira aja mpaka mawondo anga anasupuka, galimoto ikungosuntha pang'ono n'kubwerera. Tinataya nthawi yambiri pamenepo, mwina ola lathunthu. Kenako ndi pamene munakapeza wa kabaza. Ine ndinkathamanga pambali pa njinga nditawagwira amayi msana. Sitinafike n'komwe pa msewu wa tala, amayi anatisiya.

Ababa atafika anafunsa funso limodzi lokha, kuti nanga galimoto. Inu munayankha kuti tinaigubuduza kuchokera pamwamba monga mwa nthawi zonse, koma inakana kulira mpaka inakaima yokha pa mlatho. Ndikuvomereza, linali bodza lanzeru, chifukwa galimotoyo inalidi pa mlatho ndipo aliyense wobwera ku maliro anaidutsa. Anthu ankangoti chakudza sichiimba ng'oma. Ine ndinkayang'ana inu.

Munawaona ababa maliro atatha. Anaikoka ndi thirakitala mpaka pabwalo, n'kumasula injini yonse pa ziguduli, mlungu wathunthu akufunafuna chimene analakwitsa. Mapulagi, kabuleta, mawaya, chimodzichimodzi, akupukuta n'kuyang'anitsa padzuwa. Sanapeze kanthu, poti panalibe kanthu. Ndiye anagamula okha kuti maso ndi manja awo ndiwo atha, kuti pali chimene akulephera kuchiona. Anaibwezeretsa, osayesanso kuiliza. Chaka chomwecho anasiya ntchito ku galaja, munthu amene ankadziwa vuto la thirakitala pongoimva ikudutsa. Bokosi la masipanala anapatsa aneba athu a Douglas. Lero sakonza ngakhale loko wa chitseko. Inu mumadya nawo tsiku ndi tsiku mukuwaona manja amenewo. Mumameza bwanji, achimwene?

Mumauza anthu kuti ndinabwera ku Joni chifukwa cha umphawi. Umphawi unalipodi, koma chimene ndinathawa ndi kukhala nanu pa mphasa imodzi. N'chifukwa chakenso sindinabwere pa ukwati wanu. A Olivia asamaganize kuti ndimadana nawo, iwo sanapemphe munthu kuti awatsukire galimoto.

Pempho langa ndi limodzi. Sindikufuna chiwongolero, sindikufuna galasi, sindikufuna kanthu kalikonse ka pa galimotopo. Anyamata a zitsulowo asanafike, muwatenge ababa, mukhale nawo pansi, muwauze kuti galimoto yawo sinakane. Muwauze kuti tsiku limenelo sinagubuduzidwe n'komwe, kuti inagona ku mlatho, ndiponso chifukwa chake. Akamva, akafuna kuidula aidule, ndi yawo. Koma isadulidwe ngati yopalamula, ndipo iwo asapite kumanda akuganiza kuti anapha mkazi wawo ndi manja awo.

Ndikudziwa kale zimene muyankhe. Muti mtima wawo ndi wofooka, nkhani yotere ingawagwetse. Munanenanso chomwecho maliro atangotha, kuti tidikire ayambe apola. Apola? Muti adzakuthamangitsani pakhomo. Mwina. Muti a mpingo amva, pomwe angokusankhani kumene kukhala mkulu wa mpingo. Amve. Sabata silinakuuzeni kuti muzimitse injini, ndipo silinakuuzeni kuti muname.

Koma pofotokozapo musandichotsemo. Ndinali nanu ku mlatho Lachisanu lija, ndikuchapa mabulangete, ndipo ndine ndinakuumirizani kuti titsike pa galimoto poti ankandilemera. Mwa amuna anayi aja, mmodzi anali a Dickson, bambo ake a mnzanga wa kusukulu. Anatipatsa moni n'kufunsa ngati zonse zili bwino. Inu munati zili bwino. Ine ndinangowerama n'kumafinya bulangete. Liwu limodzi langa likanakwana, akanavula majekete n'kukankha. Sikuti ndinkaopa Sabata ayi. Ndinkafuna kuti ababa adzaipeze ili pomwepo, akukalipireni mpaka mulire, chifukwa anaphunzitsa inu kuyendetsa n'kundiuza ine kuti ndidikire kaye. Ndipo tsiku mumanama lija ndinali chiimire pambali panu, pakamwa pangapa, pamene nonse mumapaopa, pali chitsekere. Zimenezinso muwauze. Mawu akakukanikani, muwawerengere kalata ino momwe ilili, osadumpha mzere.

Mukapanda kutero pofika pa 25, ndidzawaimbira ndekha pa foni ya a Douglas, osati yanu. Koma sindikufuna kuti nkhani yotere aimvere pa foni, popanda wowagwira dzanja. Inu ndinu muli pafupi.

Za kukhululuka musandifunse panopa. Inu sindinakukhululukireni, ndipo nanenso sindinadzikhululukire, choncho musadandaule kuti ndakukonderani. Woyenera kuyamba kuyankhula ndi ababa, ndipo chimene anene ndidzachilandira.

Mundiperekere moni kwa alamu anga ndi kwa Precious, nsapatozo zikamuthina apatse mnzake. Moni kwa amayi aang'ono a ku Kapichi, kwa azakhali ndi ana awo onse, ndi kwa a Douglas ndi akazi awo. Ababa okha musawapatse moni wanga kufikira mutawauza. Mukatero, muwafunse ngati mwana wawo wamkazi akadali ndi pakhomo pofikira. Akati eya, ndikwera basi, mapepala kaya atuluka kaya sanatuluke. Akati ayi, mundiuzenso momwemo, osakometsa.

Tsalani ndi Mulungu, Iye ndiye anationa tonse awiri.

Ine mlongo wanu,
Dainess