Zimene abusa sanatiuze za ku Amereka

Loweruka, Okutobala 1926. Kwatentha tsiku lonse, ndipo mtima wanga ukuwawa.

Sabata yatha abusa achizungu a pamishoni anatiphunzitsa ife aphunzitsi za chikalata chimene anthu a ku Amereka analemba poyambitsa dziko lawo, chonena kuti anthu onse analengedwa ofanana. Ndinakondwa kwambiri, mpaka ndinakauza ana kusukulu kwanga.

Lero ndinapita ku Mkaika kukaona alamu anga a Yosiya, amene angobwera kumene kuchokera ku Kepi. Kumeneko ankagwira ntchito padoko pamodzi ndi anthu akuda a ku Amereka. Nditawasimbira za chikalatacho anandiseka. "Alamu, bwalo lalikulu la milandu la ku Amerekako linagamula kuti palibe cholakwa kuletsa munthu wakuda kukwera ngolo imodzi ya sitima ndi mzungu. Zimenezo abusa anu anakuuzani?"

Pobwerera ndinadzera kunyumba kwa abusa. Ndinaima padzuwa chipewa chili m'manja, iwo ali pakhonde. Nditawafunsa za chigamulocho, sanakane. Anati, "Oweruzawo anati ngolozo zikhale zofanana. Iwe phunzitsa zimene ndakupatsa. Ukayamba kusokoneza ana, sukulu ija ndipatsa wina."

Kani ankadziwa! Anatipatsa mbali yokoma, inayo n'kubisa, ine n'kukanamiza ana a eni ndi pakamwa panga. Mkazi wanga akuti ndingokhala chete, ntchito ndi yosowa. Akunena zoona. Koma Lolemba ana aja adzakhala pansi akundiyang'ana, ndipo ndikawauza mbali imodzi yokha, ine ndi abusa tidzasiyana pati?