Nura Akulirira Makoleji

Achemwali anga okondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Ine kuno ku Al Hilal, mumzinda wa Doha, ndili bwino, kungoti msana ukuvutabe.

Nura, mwana wa madamu uja, watisowetsa mtendere sabata yonse. Akufuna koleji ya atsikana okhaokha ku Amereka, koma akuti ukaapulaya msanga n'kutengedwa, basi wamangika, makoleji enawo uwaiwale. Dzulo anandipeza ndikusita, n'kuyamba kulira: "Esnati, nanga ndikakafika n'kusaikonda?"

Ndinamupukuta misozi, koma mtima ukundiwawa. Munthu kulirira kuchuluka kwa makoleji! Ine posaina kontrakiti, alipo anandifunsa ngati Doha ndidzaikonda? Mwana wanga Chisomo ndi wa msinkhu womwewo, nzeru kuposanso Nura, koma iye akungopempherera malo amodzi, kulikonse. Ndinangoti, "Apulaya, inshallah zikhala bwino," n'kupitiriza kusita madiresi ake.

Chonde Chisomo musamamutume kumsika mpaka mayeso a Fomu Folo atatha. Ndipo ndisaname, inunso ndimakuchitirani nsanje, achemwali. Mwana wanga akalira mumamupukuta ndinu, ine ndili kuno kupukuta wa eni.

Ambuye akusungeni nonse.

Mng'ono wanu,
Esnati