Kadontho Kofiira pa Chithunzi Nambala 31

Lolemba, 3 Juni

Kalata yafika. Andisankha kukhala woweruza pa mpikisano wa zithunzi za thambo la usiku. Akuti ndi ulemu. Ulemu wanji, poti woweruza saloledwa kupikisana nawo? Chaka chonse kukonzekera chithunzi changa cha mwezi, lero chigone mu dilowa. Mayi a ana akuti ndisangalale, ndakula. Ku situdiyo yanga zithunzi za ziphaso zokhazokha, theka la anthu otsinzina.

Lachinayi, 6 Juni

Oweruza atatu: ine, mphunzitsi wa sayansi, ndi mayi wina wa ku nyuzipepala. Kachipinda ka pamwamba pa laibulale, fani yakufa. Zithunzi zopanda mayina, manambala okha. Zambiri zakuda bii, ngati eni ake anaiwala kuchotsa chivindikiro.

Kenako nambala 31. Mlalang'amba utayala pamwamba pa thanki ya madzi, nyenyezi iliyonse kuoneka payokha. Tonse kukamwa yasa. Mtima unandiwawa ndisanadziwe n'komwe mwini wake.

Ndiye ndinaona kadontho kofiira kumunsi, chakumanzere. Ndimakadziwa. Ndi chilema cha kamera yanga yakale. Ukaisiya yotsegula nthawi yaitali mumdima, imabala kadontho pamalo omwewo. Kamerayo ndinampatsa mng'ono wanga, mlonda pa nkhokwe za kampani kunja kwa tauni, poti inali itanditopetsa. Kumuphunzitsa kwake mphindi khumi, nditaimirira pakhomo, ndikuthamangira kwina.

Lachisanu, 7 Juni

Chakudya sichikulowa. Ine zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi kamera ili m'manja. Iye miyezi isanu ndi itatu. Alibe ngakhale chokhazikirapo cha miyendo itatu, ndikudziwa amasanja njerwa. Mdima wabwino amaupeza ulele usiku uliwonse, ine nyali za sitolo ya patsidya kundiwalira pawindo mpaka kucha.

Ndisadzinamize m'buku langa lomwe. Ndi nsanje.

Lolemba, 10 Juni

Mphunzitsi wabwera ndi mapu a nyenyezi ndi lula. Wayeza, wayezanso. "Pamenepa palibe nyenyezi yofiira. Munthuyu waiwonjezera pa kompyuta kuti chikongole." Lamulo lilipo: wowonjezera kanthu amachotsedwa, dzina lake n'kulengezedwa kuti ndi wobera.

Onse awiri anatembenukira kwa ine, poti wodziwa makamera ndine. Ndinapukuta magalasi. Ndinamwa madzi. Ndinati ndikaganize kaye mpaka Loweruka, tsiku losaina zotsatira.

Ndikanena, ndaulula kuti mwini wake ndi m'bale wanga. Nditsika pampando, iye apambana. Ndikakhala chete, palibe anganene kuti ndanama.

Lachitatu, 12 Juni

Mng'ono wanga wabwera ku situdiyo akuchokera kuntchito, yunifolomu ili m'thupi, maso ali psuu ndi tulo. Sakudziwa kuti ndikuweruza. Kundiululira mwamanyazi kuti analowa mpikisano, akuti sanandiuze poopa kuti ndimuseka. Kenako: "Achimwene, kadontho kaja kanandivuta. Ndinakasiya dala, poti anati chithunzi osachikhudza. Ndinachita bwino?"

Ndinati ndatanganidwa. Munalibe kasitomala ndi mmodzi yemwe. Anakhalabe, n'kundikonzera loko wa chitseko amene ndakhala ndikumudandaula. Ngakhale lokoyo wamukonza bwino kundiposa.

Lachinayi, 13 Juni

Mayi a ana andifunsa chimene chandidya. Ndati mutu.

Lachisanu, 14 Juni

Mphunzitsi uja sakhulupirira mawu apakamwa, adzafuna umboni. Ndatsitsa katoni ya pamwamba pa kabati. Zithunzi zanga zonse za usiku zojambulidwa ndi kamera ija. Kadontho kali pa chilichonse, kumunsi chakumanzere. Umboni wokwanira kuyeretsa mng'ono wanga.

Koma mawa adzaika changa pambali pa nambala 31 kuti afananize. Zathu ziwiri pa tebulo limodzi, anthu akuyang'ana.

Ola lathunthu ndili pansi, kusankha choti ndisakachite nacho manyazi. Ndayala zonse mpaka kukhitchini. Palibe ndi chimodzi chomwe chofikapo.

Ndatola chimene chinali pafupi, ndaika mu envelopu. Kalata yotula pansi udindo ndalemba. Pofika pa mzere wonena kuti mwini chithunzicho ndi ndani wanga, dzanja linafuna kuwonjezera kuti ndinamuphunzitsa ndine. Mphindi khumi zija. Ndangolemba kuti ndi mng'ono wanga.